Mafunso ndi mayankho: mapu a pa sikirini ya galimoto yamagetsi, kwa ife a ku Dedza ndi Ntcheu

Chiyambireni mizere ya mafuta ija anthu angapo kuno ayamba kuitanitsa magalimoto amagetsi, ambiri ndi ma Nissan Leaf akale ochokera ku Japan, ena ochepa ndi aku China. Ine ntchito yanga ndi ya mawaya a galimoto, mawayilesi, ma alamu ndi zina zotero, nde mafunso a kasikirini ka pa dashibodi aja amandipeza kawirikawiri, ena pa foni ena pamaso. Ndawaika pamodzi apa kuti ndisamangobwereza zomwezomwezo, ndipo ndawasiya momwe eni ake amafunsira.

Achimwene, galimoto yangofika kumene koma mapu akungoonetsa kamuvi pamalo opanda kanthu, olo msewu umodzi palibe. Yaonongeka?

Sinaonongeke ayi. GPS ikugwira bwinobwino, ikudziwa kuti muli pa Dedza boma, koma mapu omwe ali mu kakhadi ka SD mkatimo ndi a Japan yokha basi, nde ilibe pokuikani. Ena kamuvi kamayandama pamalo oyera, ena kamakakamira penapake ku Japan komweko nkumazungulirazungulira mukamakhota. Muonanso kuti wotchi ili kutsogolo ndi maola 7, inu mukudzuka 6 koloko mmawa iyo ikuti 1 koloko masana, chifukwa ikutsata nthawi ya kwawo. Mayi amalankhula chi Japan mukangoliza galimoto aja nthawi zambiri si mapu, ndi kabokosi ka ETC kolipilira ma tologeti aku Japan, akukuuzani kuti simunalowetse khadi. Pa tologeti yathu ya pa Kalinyeke kapena pa Chingeni sikakuthandizani kanthu, konzani ndalama zanu basi.

Kakhadi ka SD kaja musakachotse nkukataya poti mapu ake ndi opanda ntchito. Pa mawayilesi ambiri aku Japan kakachoka sikirini yonse imakana kudzuka, ndipo kupeza kena kogwirizana nayo ndi chintchito.

Nde simungandiikire mapu a Malawi mmenemo?

Ayi bwana. Wayilesi yopangidwira msika wa Japan imawerenga mapu a Japan. Alipo anthu amasintha chilankhulo kuti ma menyu akhale a Chingerezi, zimenezo zimathandiza ndithu, koma Lizulu ndi Bembeke sizitulukamo.

Pa dashibodi ikulemba kuti ndatsala ndi makilomita 120, ku Lilongwe ndi 85 okha. Popita ndinafika bwino, pobwera nambala inangogwa ndili pa Chimbiya. Ikunama?

Funso ili ndi lomwe ndimafuna aliyense alimvetse, zinazo ndi zazing'ono.

Nambala imeneyo galimoto imaipeza poona momwe mwayendera makilomita apitawa, osati msewu umene uli kutsogolo. Zili ngati munthu woti akuwerengera kuti thumba la ufa litha liti poyang'ana momwe mwadyera dzulo lokha, osadziwa kuti mawa kukubwera alendo a chinkhoswe. Dedza ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe Lilongwe ili cha mma 1,050. Popita mukutsika, galimoto ikudya pang'ono, pena ikubwezanso moto mu batire mukachotsa phazi, nde nambala imakoma kuiona, mpaka mukafika pa Nathenje mtima uli mmalo. Pobwera mukuyenera kubweza mamita 500 onse aja, ndipo Leaf yakale siidziwa zimenezi ngakhale mutakhala ndi mapu olondola, imangozindikira ikayamba kale kukwera.

Tiyeni tiwerengere limodzi, si masamu ovuta. Leaf imalemera pafupifupi makilogalamu 1,500. Kukweza kulemera kumeneko mamita 1,000 kumafuna pafupifupi mayunitsi 4 a magetsi, mayunitsi omwewa timagula a mita ya kunyumbawa, ndipo awa ndi okwerera phiri okha, oyendetsera mateyala pamsewu ndi apadera. Nde kuchoka ku Lilongwe kubwera kuno onjezerani mayunitsi 2. Pamsewu wabwino mukamayenda modekha yunitsi imodzi imakupatsani makilomita 6 kapena 7, kutanthauza kuti makilomita 85 ndi mayunitsi cha mma 13, kuphatikiza 2 aja 15. Tsono Leaf yoyamba ija, yomwe inatuluka mu 2010, batire lake linali la mayunitsi 24 lili latsopano, ndipo si onse omwe galimoto imakulolani kugwiritsa ntchito. Yang'anani timizere ting'onoting'ono ta kumapeto kwa geji, timakhala 12 batire likakhala langwiro. Mukaona tatsala 9 ndekuti batire latsala ndi mphamvu pafupifupi 70 peresenti, mayunitsi ake ndi omwewo cha mma 15. Mwaonatu pamene pali nkhani. Ulendo wobwera ukufuna batire lonse, osatsala olo kadontho, pomwe dashibodi imakuuzani kuti muli ndi zotsala zambiri.

Ndipo apa sitinaike anthu anayi kumbuyo ndi katundu wa mu Area 2 mu buti. Za mayunitsi 30, 40 ndi 62 zomwe zinabwera pambuyo pake zili ndi mpata wopumira, koma kawerengedwe ka nambala ija ndi komweko. Ine ndimati ngati galimoto yanu imaonetsa peresenti ya batire muziyang'ana imeneyo, ya makilomita ija muzingoiona ngati nkhani yocheza.

Nanga ku Khwekhwelere? Mlamu wanga akuti potsika batire limadzadza lokha, nde ndi ulendo waulere.

Alamu anuwo anena theka. Zoona potsika kuchoka pa Masasa kupita ku Golomoti mota imagwira ntchito ngati jenereta, imabweza moto komanso imakugwirirani galimoto kuti musamangoponda mabuleki. Koma izi zimatheka batire likakhala ndi malo. Mukanyamuka pa boma litadzadza 100 peresenti, motowo ulibe kolowera, galimoto imachepetsa yokha kubweza kuja ndipo kulemera konse kumatsalira mabuleki, pamakona aja, phompho lili pambali. Mapu sakuchenjezani zimenezi olo pang'ono. Bola kunyamuka lili cha mma 80.

Chachiwiri, zomwe mwabweza potsika sizifika zomwe mudzalipire pokwera, zina zimatayika panjira ngati kutentha. Kumunsi kuja, Golomoti, Mtakataka, ku Mua, muli pafupi ndi msinkhu wa nyanja ya Malawi yomwe ili cha mma mamita 470, nde pobwerera ndi mamita oposa 1,000, mayunitsi 4 aja kapena 5 ngati mwanyamula anthu ndi nsomba. Choopsa nchoti mukafika pansi nambala ya makilomita imakhala itakwera kwambiri poti yangoona mtsetse wokhawokha, munthu nkuganiza kuti bwanji ndidutsire ku Monkey Bay.

Ena amandifunsa za ma sola a ku Golomoti, a mamegawati 20 aja omwe anayamba mu 2022 ali ndi mabatire akuluakulu. Magetsi amenewo amalowa mu nthambo za ESCOM, si poti mungafike ndi chingwe chanu nkupempha soketi.

June ndi July batire limatha msanga bwanji?

Hita. Galimoto ya petulo imakufunditsani ndi kutentha kwa injini komwe kukanangotayika, yamagetsi imatenga mu batire lomwelo. Kuzizira kwa kuno mukukudziwa, mmawa wa chifunga galasi lachita nthunzi mukuyenera kuyatsa basi, komanso batire lozizira silitulutsa mphamvu zake zonse. Mukangodina hita nambala ya makilomita imatsika pompo. Ngati mipando ndi chiwongolero zili ndi zofunditsa zake gwiritsani zimenezo, zimadya pang'ono, ndipo valani juzi.

Mapu ali ndi batani losakira potchajira, ndikadina sikutuluka kanthu. Ndidziwa bwanji poti ndikatchaje?

Pa yaku Japan mndandanda wa matchaja ndi wa Japan. Kale unkadzikonza wokha kudzera pa ka SIM komwe kali mkati mwa galimoto, koma kameneko ndi ka netiweki ya kwawo, kuno sikalumikiza ku TNM kapena Airtel. Ndipo vuto la ka SIM si la ife tokha, ku Britain mu 2024 Nissan inatseka apu ya ma Leaf akale chifukwa ankadalira 2G yomwe ikuchotsedwa. Galimoto imakhala zaka 15 pamsewu pomwe zamanetiweki zimasintha msanga.

Koma tinene kuti mapu akuonetsa kachizindikiro ka tchaja penapake. Pali zinthu zomwe sakuuzani. Pulagi yake ndi yanji? Leaf yaku Japan potchaja mwachangu imafuna CHAdeMO, zaku Ulaya ndi South Africa zambiri ndi CCS2, zogulidwa pamsika wa mkati mwa China ndi GB/T, ndipo izi sizilowana popanda adaputa yomwe ndi yodula. Tchajayo ndi ya aliyense kapena ya kampani ya magalimoto awo okha, mlonda akakubwezani pageti? Ndipo chachikulu kwa ife, magetsi alipo? Palibe mapu a galimoto omwe amadziwa ndondomeko ya kuzimazima kwa magetsi. Mukukumbuka 2022 namondwe Ana ataononga Kapichira mu January, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 ndipo tinkakhala maola ambirimbiri mumdima. Nthawi ngati imeneyo kachizindikiro pa sikirini kamaoneka chimodzimodzi, kowala bwinobwino.

Nde kwa ambiri kuno potchajira ndi soketi ya kwa achibale, ya pa loji kapena kuntchito. Soketi wamba imapereka mayunitsi 2 ndi pang'ono pa ola, mayunitsi 15 aja ndi maola 7 kapena kuposa, ulendo wa ku Lilongwe wopita mmawa kubwera masana uiwaleni pokhapokha mutapeza tchaja yachangu yogwirizana ndi pulagi yanu. Imbani foni musananyamuke, funsani ngati magetsi alipo, ngati soketi ili pafupi ndi poimika galimoto, ndipo gwirizanani za ndalama ya mayunitsi poyamba, chifukwa mwini nyumba akaona mita ikuthamanga nkhope imasintha. Ma ekisitenshoni otchipa a pamsika aja ayi chonde, amasungunuka. Chingwe chomwe chimabwera ndi galimoto kuchokera ku Japan nacho chinapangidwira 200V ndi pulagi ya kwawo pomwe kuno ndi 230V, musangodula pulagi nkulumikiza ina, chioneni kaye ndi wodziwa.

Ankolo, ndalumikiza chingwe usiku, magetsi analipo, mmawa ndapeza sinatchaje. Chavuta nchani?

Kawirikawiri ndi taima. Mwini wake wakale ku Japan anaitchera kuti izitchaja pakati pa usiku magetsi akatchipa kwawoko, ndipo pa Leaf yakale zimenezi zimatcheredwa mu sikirini ya mapu yomweyo, mu chi Japan, pa wotchi yomwe ili kutsogolo maola 7. 11 koloko usiku yawo ndi 4 koloko madzulo kuno, nde inu mukamalumikiza mutadya nsima nthawi yake imakhala ikutha kapena yatha kale. Pafupi ndi chiwongolero chakumunsi pali kabatani kojambulidwa wotchi ndi pulagi, kadineni musanalumikize, iyamba pompo. Kuti zithereretu lozani kamera ya Google Translate pa sikirini mupeze pozimitsira taimayo.

Bwanji ndingoichotsa ndiike wayilesi ya Android ngati momwe timachitira ndi ma Sienta ndi ma Vitz?

Pa Sienta wayilesi ndi wayilesi basi, mukachotsa mwataya nyimbo za chi Japan ndi FM yolekeza pa 90 ija, palibe wodandaula. Pa yamagetsi sikirini imagwira zambiri, taima yotchajira ija, zoonetsa kuti moto ukupita kuti, pa zina ngakhale zoonetsa za AC ndi kamera yobwerera mmbuyo. Zilipo za Android zopangidwira Leaf zomwe zimasunga zina mwa izi koma osati zonse, nde funsani wogulitsa akuuzeni chimodzichimodzi chomwe chitsale. Ndipo zimitsani taima musanachotse yakaleyo, apo ayi mutsala ndi galimoto yotchaja nthawi yomwe yafuna ndipo posinthira mulibe.

Ine ndingakonde musiye momwe ilili, mugule kogwirira foni ka pa dashibodi ndi ka FM expander kothandiza wayilesi kugwira ma siteshoni opitirira pa 90, ndalama yotsalayo mugule chingwe chabwino.

Zatsopano nazo zili choncho? Tesla, BYD ndi zinazo?

Zili bwinoko, tisanamizane. Tesla mukaiuza kopita imawerengera zitunda ndi mitsetse nkukuuzani peresenti yomwe mukafike nayo, ndipo zomwe zili ndi Google mkati momwe, ngati Volvo ndi Polestar, zimachitanso chimodzimodzi. Koma nzeru zonsezo zimadalira kuti galimoto ikhale ndi intaneti komanso mapu a dera lomwe ili. Yogulidwira dziko lina imabwera ndi SIM ndi mapu a dziko limenelo, mumayenera kuipatsa hotspot ya foni yanu, ndipo nthawi zina ngakhale mutatero imaonetsa chithunzi cha msewu koma kukutsogolerani ayi. Tesla sailola Android Auto kapena Apple CarPlay, nde simungaponye mapu a foni pa sikirini yake yaikulu ija. General Motors nayo mu 2023 inalengeza kuti ikuchotsa ziwirizi mu magalimoto ake amagetsi atsopano, zomwe kwa ine ndi kulakwira wogula, makamaka wogula wachiwiri wa kutali ngati ife amene sanatiganizireko.

Zaku China zili pawiri. Yopangidwira kunja imakhala ndi Chingerezi ndipo zambiri zimalola foni. Yopangidwira msika wa mkati mwa China imabwera ndi mapu aku China ngati Amap, za Google mulibe, ndipo mawu ouza galimoto zochita imamva chi China. Musanatumize ndalama funsani kuti ndi iti mwa ziwirizi.

Pali nkhani inanso yoti magalimoto ena, Hyundai Ioniq 5 ndi Kia EV6 mwa zina, amafunditsa batire okha mukasankha tchaja yachangu pa mapu a mkati, nde ngati tchajayo mulibe mu mndandanda sizichitika. Kwa ife ndi nkhani yaing'ono, kuzizira kwathu si kwa chipale.

Ndikafika pa Lizulu mapu amati ndili ku Mozambique, foni nayo data imaduka.

Pamenepo mapu sakulakwa kwenikweni, M1 kuchoka cha ku Dedza kutsikira ku Lizulu, Mlangeni mpaka ku Biriwiri ikuyenda mmalire enieni, mukaoloka msewu kukagula kabichi tsidya linalo mwalowa kale dziko la eni. GPS imaphonya ndi mamita ochepa, nde kamuvi kamadumphira uku ndi uku. Zimenezo zisakuvuteni. Chovuta ndi foni kapena ka SIM ka galimoto kukoka netiweki ya tsidya lija, Movitel kapena Vodacom, data nkuima mapu nkusiya kutsegula. Lowani mu ma setting musankhe netiweki pamanja, musaisiye pa otomatiki, komanso tsitsiranitu mapu a chigawo chonse muli pa WiFi. GPS payokha siifuna bandulo.

Sikirini inandilowetsa njira yachidule yafumbi, ndinatsala pang'ono kutitimira. Imasankha bwanji misewu?

Imaona mzere pa mapu nkuwerengera kuti ndi waufupi, basi. Siidziwa kuti mvula inagwa dzulo, kuti kamlatho kanapita ndi madzi, kapena kuti mathirakitala ndi malole a mbatatesi akumba mikwasa yofika mmaondo. Mapu a mkati mwa galimoto ndiye ndi oipitsitsa pa izi chifukwa amakhala a chaka chomwe galimoto inapangidwa pokhapokha wina awakonze, pomwe misewu yathu imasintha dzinja lililonse, taonani zomwe namondwe Freddy anachita mu March 2023. Galimoto yamagetsi batire lili pansi pa mipando, Leaf mimba yake ili masentimita 15 kapena 16 okha kuchoka pansi, mwala umodzi wosongoka ungakudyereni ndalama zoposa zomwe munalipira pa kasitomu. Matope ndi mchenga nazo zimadya moto kuposa tala, nde chidule cha makilomita 10 chikhoza kukudyerani batire kuposa kuzungulira.

Mukafika pa mphambano ngati pa Tsangano turn off kapena polowera ku Kasinje, tsitsani galasi mufunse a kabaza a njinga zamoto. Amenewo adutsamo mmawa womwewo ndipo akuuzani kuti iyi galimoto yanuyi yotsikayi musayerekeze.

Za ma adiresi ndiye musavutike nkomwe. Mapu aku Japan amasaka malo ndi nambala ya foni ya pamalopo, aku Ulaya amafuna dzina la msewu ndi nambala ya nyumba, pomwe kwathu kuno ndi kuseli kwa chigayo mukadutsa mjigo wachiwiri. Uzani amene mukupita kwawo akutumizireni location pa WhatsApp ataima pakhomo penipeni.

Nde inuyo mumalangiza chani, tizigwiritsa ntchito chani?

Foni ya msewu, dashibodi ya batire, masamu muzichita nokha. Google Maps yotsitsiratu imakwanira pa M1 ndi M5. Ya kumidzi onjezerani Organic Maps kapena OsmAnd, zimatenga mapu a OpenStreetMap omwe amajambulidwa ndi anthu wamba ndipo zimayenda popanda data, pena zimakhala ndi tinjira tomwe kwina mulibe, OsmAnd imathanso kukuonetsani kukwera ndi kutsika kwa njira yonse musananyamuke. Pali apu ina, A Better Routeplanner, mumaiuza mtundu wa galimoto, peresenti yomwe muli nayo ndi momwe batire lafookera, iyo nkuwerengera zitunda nkukuuzani yomwe mukafike nayo, imeneyo pa nkhani ya Khwekhwelere ndi yothandiza ngakhale isakupezereni tchaja. PlugShare ndi ya anthu kulembapo malo otchajira omwe awapeza, mukapeza poti mwatchaja bwino ndipo eni ake avomera lembanipo anzanu apindule.

A Leaf gulani ka OBD2 ka Bluetooth, kachipangizo kowerenga za mu kompyuta ya galimoto nkutumiza ku foni, kamalowa pansi pa chiwongolero, ndi apu ya LeafSpy. Imaonetsa mayunitsi enieni otsala mu batire ndi thanzi lake mu peresenti, osati zongoyerekeza za pa dashibodi zija. Kenako tengani kakope, ulendo uliwonse lembani kuti ndanyamuka pa boma ndi zakuti, pa Linthipe zakuti, pobwera zakuti, kunali kozizira kapena ayi, tinali angati. Pakatha mwezi kakope kameneko kamadziwa msewu wanu kuposa sikirini iliyonse.

Likathera panjira nditani? Kachigubu palibe apa.

Isanaime imachenjeza kangapo, kenako nambala ya makilomita imasanduka timizere, pomaliza pamatuluka kachizindikiro ka kamba ndipo mphamvu imachepa kwambiri. Mukaona chenjezo loyamba zimitsani hita kapena AC, tsitsani liwiro, ndipo yambani kuganiza za nyumba kapena sitolo ya magetsi yomwe ili pafupi osati kwanu. Kamba akatuluka pezani pokhotera pompo, musayese kumaliza chitunda, M1 ilibe malo mmbali ndipo malole usiku saona. Osaikoka ndi chingwe mateyala akutsogolo ali pansi chifukwa amazunguza mota, imafunika kukwezedwa pa lole kapena kunyamulidwa kutsogolo. Chingwe chotchajira chizikhala mu buti nthawi zonse, ola limodzi pa soketi ya pa grosale limakupatsani makilomita 12 kapena 14 a pamalo osakwera, ochepera pamenepo ngati kwanu ndi ku Bembeke.